MATENDA AMENE AMATIVUTA KAWIRIKAWIRI: TIDZIWE ZIZINDIKIRO NDI MAGWERO AKE

Mau oyamba

Tikamayendera odwala m'miphakati mwathu timamva mau amodzimodzi pafupifupi pa khomo lililonse. Tikafunsa kuti, "Kodi chavuta n'chiyani?" amatiyankha kuti, "Ndi malungo." Mwana akatentha thupi, ndi malungo. Bambo akamva mutu, ndi malungo. Agogo akafooka, akuti malungo omwewo. Tsono wina amathamangira ku gulosale kukagula Panado, ndipo banja lonse limadikira kuti lione m'mene kuchere. Matenda aja akakanika, nkhani imatembenuka. Timayamba kunong'onezana kuti, "Kodi wamulodza ndani?"

Pakati pa ziwirizi pali funso lina limene timalilumpha, lomwe ndilo lofunika koposa: kodi matenda amenewa ndi ati kwenikweni, ndipo adzera njira iti kuti alowe m'nyumba muno? Maliro ambiri amene timakhuza, makamaka a ana, ndi a matenda odziwika bwino, opeweka ndiponso ochizika. Chimene chimatipweteka ndi kuchedwa. M'mutu uno tiona matenda angapo amene amativuta chaka ndi chaka, zizindikiro zake, chimene chimawayambitsa, ndi zimene ife tingachitepo monga mabanja komanso monga nzika.

1. Chizindikiro ndi gwero ndi zinthu zosiyana

Chizindikiro ndi chimene timaona kapena kumva m'thupi: kutentha thupi, kutsokomola, kusanza, kuphwanya m'thupi, litsipa. Gwero ndi chimene chayambitsa zimenezo. Tikaona utsi pa denga sitilimbana ndi utsiwo, timafunafuna pamene pali moto. Kutentha thupi kuli ngati utsi. Kumatiuza kuti thupi likulimbana ndi tizilombo tina, koma sikutiuza kuti ndi tizilombo titi.

Munthu angathe kutentha thupi chifukwa cha malungo, chibayo, tayifodi, chikuku, zilonda za kukhosi, mafinya m'khutu kapena matenda oumitsa khosi. Onsewa mankhwala ake ndi osiyana. Panado amatsitsa kutentha ndi kuchepetsa ululu, koma sapha kachilombo ngakhale kamodzi. Wodwala amaoneka ngati wapezako bwino pamene matenda akukulirakulira. Ndi chifukwa chake kuyezetsa ku chipatala kuli kofunika. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Matenda ambiri amene amativuta amadzera njira zinayi: udzudzu, madzi ndi chakudya, mpweya umene timapuma, ndiponso kadyedwe ndi kakhalidwe kathu. Tiyeni tizione imodzi imodzi.

2. Njira ya udzudzu: malungo

Malungo enieni amayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Plasmodium. Kachilomboka kamanyamulidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma makamaka usiku. Dokotala wa ku Britain, Ronald Ross, ndiye adatsimikiza mu 1897, akugwira ntchito ku India, kuti tizilombo ta malungo timakhala mu udzudzu. Udzudzu ukaluma munthu wodwala umayamwa tizilombo pamodzi ndi magazi. Pakapita masiku, ukaluma munthu wina, umamusiyira tizilombo tija. Timayamba tabisala m'chiwindi, kenaka timalowa m'magazi ndi kumaswa maselo ofiira. Zizindikiro zimaoneka patatha sabata imodzi kapena awiri: kuzizidwa ndi kunjenjemera, kutentha thupi, thukuta, mutu, kuphwanya m'mfundo, kusanza ndi kusafuna kudya.

Ambiri tidakula tikumva kuti malungo amabwera ndi kunyowa ndi mvula, kudya mango osapsa kapena kutafuna nzimbe. Zimenezi zimangokumana nyengo. M'dzinja madzi amadikha m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa ndi m'madambo, ndipo m'menemo ndimo udzudzu umaswana.

Kwa mwana wosakwana zaka zisanu malungo angathe kufika poipa m'tsiku limodzi kapena awiri. Magazi amachepa, m'manja ndi m'zikope mumayera. Tizilombo tikafika ku ubongo mwana amachita linjirinjiri, maso amatembenuka, mwina amakomoka. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokera, poganiza kuti matenda otere si a ku chipatala. Nthawi imene timataya potemera mwana mphini kapena kumufukiza ndi yomwe ikadamupulumutsa. Amayi oyembekezera nawonso ali pa chiopsezo chachikulu: malungo amawathera magazi, amachititsa kupita padera kapena kubereka mwana wochepa thupi. Ndi chifukwa chake ku sikelo amalandira neti ndi mankhwala a SP oteteza.

Mbiri ya mankhwala a malungo m'dziko muno ili ndi phunziro kwa ife. Kwa zaka zambiri tidadalira chloroquine, mpaka tizilombo tidasiya kumumva. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba SP, amene ambiri tinkamutcha Fansidar. Nayenso adafooka, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Kumwa mankhwala mwachisawawa, osayezetsa, kapena kulekeza pa njira kumathandiza tizilombo kuti tizolowere mankhwalawo. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, atadya. Tisasunge mapiritsi otsala kuti tidzapatse mwana wina. Otsalawo ndi a yemweyo amene akudwala.

Mu 2019 Malawi lidakhalanso dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana ku sikelo, m'maboma ena osankhidwa. Katemerayu amathandiza, koma sateteza kotheratu. Neti ikufunikabe usiku uliwonse, chaka chonse. Neti imene tatchingira dimba kapena kukokera usipa siteteza mwana.

3. Njira ya madzi ndi chakudya: kutsegula m'mimba, kolera ndi likodzo

Tinene mosabisa: kutsegula m'mimba kumayamba pamene tizilombo ta m'chimbudzi cha munthu tafika m'kamwa mwa munthu wina. Timadzera m'madzi akumwa, m'manja osasamba, pa ntchentche, ndi pa chakudya chosavundikira. Munthu mmodzi akadzithandiza ku tchire, mvula imakokolera zonsezo ku chitsime cha mudzi wonse.

Chimene chimapha potsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Zizindikiro zake ndi izi: ludzu lalikulu, maso kulowa m'kati, milomo kuuma, kukodza pang'ono, ndi khungu la pa mimba losabwerera msanga tikalitsina. Kwa khanda, liwombo limalowa. Ambiri timayesa kuti liwombo ndilo likudwala, choncho timamatapo mankhwala. Liwombo lalowa chifukwa madzi atha m'thupi. Mwana akalandira madzi okwanira limabwerera lokha.

Thandizo loyamba lili m'manja mwathu. Tisungunule paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi abwino, ndi kumamwetsa wodwala pang'onopang'ono. Akasanza tidikire mphindi khumi ndi kuyambiranso. Ngati paketi palibe, tithire masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, uku tikukonzeka ulendo wa ku chipatala. Mayi asaleke kuyamwitsa, ndipo mwana asamanidwe phala. Ku chipatala amaperekanso mapiritsi a zinc oti mwana amwe masiku 10 mpaka 14. Kuyambira mu 2012 ana amalandira ku sikelo katemera wa rotavirus, kachilombo kamene kamatsegulitsa m'mimba makanda ambiri.

Kolera ndi kutsegula m'mimba koopsa koposa. Chimbudzi chimakhala chamadzimadzi, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndipo chimatuluka chambiri. Wodwala amasanza, miyendo imagwidwa ndi tsemwe la kukokana, ndipo munthu wamphamvu angathe kufa m'maola ochepa. Mu 1854, kolera itabuka mu mzinda wa London, anthu ambiri ankati imabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow adawerenga nyumba za omwalira, napeza kuti ambiri ankatunga madzi pa mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo adachotsa chogwirira cha mjigowo. Kuyambira pamenepo dziko lidayamba kuzindikira kuti kolera imayenda ndi madzi.

Ifenso tili ndi chikumbutso chathu. Kolera imene idayamba m'boma la Machinga mu March 2022, mvula ya mkuntho itagumula zimbudzi ndi kuononga zitsime, idafika m'maboma onse a dziko lino. Pofika mu 2023 idali itapha anthu oposa 1,700. Mliri wa kolera woposa umenewu sudaonekepo m'mbiri ya Malawi. Ena adaitengera pa maliro, posambitsa thupi kapena pa chakudya cha pa siwa. Pa maliro a kolera titsate zimene azaumoyo akutiuza, ngakhale zikuwawa.

Kupewa kwake n'kodziwika: chimbudzi chovundikira pa khomo lililonse, mpondagiya ndi sopo pambali pake, kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini, kusunga madzi mu ndowa yovundikira yokhala ndi kapu yakeyake yotungira, ndi kudya chakudya chikadali chotentha. Chimbudzi cha mwana wakhanda nacho chili ndi tizilombo, tichitaye m'chimbudzi.

Likodzo nalo limadzera m'madzi, koma kudzera pa khungu. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi odikha, monga m'mbali zina za nyanja ya Malawi, ku nyanja ya Chilwa, m'chigwa cha Shire ndi m'minda ya mpunga. Timalowa m'thupi posamba, pochapa kapena powedza. Chizindikiro chodziwika ndi magazi kumapeto kwa mkodzo. Kumadera ena amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Ayi, akudwala. Likodzo likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene azaumoyo amagawanso m'masukulu.

4. Njira ya mpweya: chibayo ndi chifuwa chachikulu

Chimfine wamba chimatha chokha m'masiku ochepa. Chibayo ndi china. Tizilombo timalowa m'mapapo, timatumba ta mpweya timadzaza madzi ndi mafinya, ndipo wodwala amabanika. Chimagwira kwambiri makanda, ana operewera zakudya ndi okalamba. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo umafooketsa mapapo a mwana amene ali ku msana pamene mayi akuphika.

Kholo lililonse lingathe kuzindikira chibayo powerenga kapumidwe ka mwana. Mwana ali phee, osalira, timuvule malaya ndi kuwerenga kuti chifuwa chakwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Akupuma mofulumira ngati:

- mwana wosakwana miyezi iwiri wapuma ka 60 kapena kuposa;
- wa miyezi iwiri mpaka chaka chimodzi wapuma ka 50 kapena kuposa;
- wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu wapuma ka 40 kapena kuposa.

Ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, chibayocho chakula. Tinyamuke nthawi yomweyo. Mankhwala a botolo a chifuwa ogula ku gulosale sachiza chibayo. Kuyambira mu 2011 ana m'dziko muno amalandira katemera woteteza ku tizilombo tina toyambitsa chibayo, choncho tisadumphe tsiku la sikelo.

Chifuwa chachikulu, chimene timachitcha TB, chimayenda pang'onopang'ono. Kachilombo kake adakapeza ndi Robert Koch wa ku Germany mu 1882. Kamafala wodwala akatsokomola, makamaka m'nyumba yothinana ndi yotsekatseka. TB si ya ku mtundu. Imaoneka ngati ya ku mtundu chifukwa anthu a banja limodzi amagona m'chipinda chimodzi ndi kupuma mpweya umodzi. Zizindikiro zake ndi kutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi madzulo, kuonda, ndipo nthawi zina magazi m'makhololo. Kale kuonda kotere ena ankakutcha tsempho kapena mdulo, ndipo mlandu unkagwera mwamuna kapena mkazi wa m'nyumbamo, pamene wodwala akutha.

TB imachizika. Kuyeza makhololo ndi mankhwala ndi zaulere. Mankhwala amamwa tsiku lililonse, kawirikawiri kwa miyezi 6. Pakatha masabata ochepa munthu amamva bwino, ndipo apa ndi pamene ena amalekeza. Akatero TB imabweranso, mwina yosamva mankhwala, yofuna chithandizo chachitali ndi chovuta. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV amadwala TB mosavuta chifukwa chitetezo cha m'thupi chatsika, koma si aliyense wa TB amene ali ndi HIV. Chanzeru ndi kuyezetsa zonse ziwiri. Ma ARV adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo ambiri amene tinkawayesa opita ali moyo, akulima ndi kulera ana awo.

5. Njira ya kadyedwe ndi kakhalidwe: BP ndi shuga

Matenda awiriwa satengerana, ndipo amayenda mwakachetechete. Tinkati ndi matenda a anthu olemera a m'tauni, koma ali ponseponse, ngakhale m'midzi. Munthu amaoneka wathanzi ndi wonenepa bwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuthamanga kwa magazi, kapena kuti BP, kawirikawiri sikuonetsa chizindikiro chilichonse kwa zaka zambiri. Njira yokha yodziwira ndi kuyezetsa. Ngati muyeso ukupezeka pa 140/90 kapena kuposa maulendo angapo, ndiye kuti BP yakwera. Ikalekereredwa imatopetsa mtima, imaononga impso, ndipo mtsempha wa mu ubongo ungathe kutsekeka kapena kuphulika. Munthu amagwa mwadzidzidzi, pakamwa pamakhota, mbali imodzi ya thupi imafa. Ambiri timati wamenyedwa ndi hamala ya afiti, pamene ndi BP imene sadaidziwe. Zimene zimaikweza ndi mchere wambiri, kunenepa kwambiri, mowa, fodya, kusagwira ntchito zolimbitsa thupi, ukalamba, ndiponso ku mtundu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti sipuni imodzi yaing'ono, kuphatikizapo wa m'ndiwo.

Shuga ndi matenda amene thupi limalephera kugwiritsa ntchito bwino shuga wochokera m'zakudya, kotero kuti amachuluka m'magazi. Wodwala amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi ngakhale usiku, amaonda ngakhale akudya, amafooka, saona bwino, mapazi amachita dzanzi ndipo zilonda zimachedwa kupola. Matenda awiriwa satheratu, koma munthu amakhala nawo zaka zambiri ali bwino ngati akumwa mankhwala mosadumpha ndi kusamala zakudya. Kusiya mankhwala chifukwa "ndapeza bwino" kwatilanda makolo ambiri.

6. Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Tikaona chimodzi mwa izi tisayembekeze m'mawa, ndipo tisadikire bambo kapena malume amene ali kutali kuti apereke chilolezo:

- mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa;
- akusanza chilichonse chimene wamwa;
- wachita linjirinjiri, wakomoka kapena sakudzuka bwino;
- akupuma mobanika;
- khanda losakwana miyezi iwiri latentha thupi kapena lazizira;
- khosi lauma ndipo mutu ukupweteka kwambiri;
- chimbudzi chili ndi magazi kapena chili ngati madzi a mpunga;
- mayi woyembekezera akutaya magazi, watupa nkhope, kapena mutu ukumupweteka kwambiri;
- munthu wakhota pakamwa, sakulankhula bwino, kapena mkono wafooka mwadzidzidzi.

7. Ufulu wathu ndi udindo wathu

Tikadziwa gwero la matenda timadziwanso woyenera kuchitapo kanthu. Zina ndi za banja: neti, chimbudzi, sopo, sikelo. Zina banja limodzi silingazithe. Mjigo ukaonongeka, mlatho wopita ku chipatala ukakokoloka, mankhwala akamasowa, imeneyo ndi nkhani ya mudzi wonse ndi ya boma. Mutu umodzi susenza denga.

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, m'gawo 30 amalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo cha zaumoyo. Choncho kufunsa za mankhwala si mwano, ndipo chithandizo si mphatso ya munthu wandale. Tili ndi ufulu wofunsa dokotala dzina la matenda athu, kamwedwe ka mankhwala ndi tsiku lobwereranso. Tili ndi njira zoperekera madandaulo: komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, komiti ya pa chipatala, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, khansala ndi phungu. Tizipita ku misonkhano imeneyi, ndipo tizisankha anthu amene angathe kulankhula.

Udindo wathu ndi wakuti tisagule mankhwala a boma ogulitsidwa pa msika, pakuti tikatero tikulimbikitsa amene amawaba. Tizisonkha ndalama zokonzera mjigo usadafe. Tizimvera alangizi a zaumoyo amene amayendera midzi yathu. Mphakati uliwonse ungathe kukhala ndi kathumba ka ndalama zolipirira njinga kapena galimoto yotengera wodwala usiku, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, kudziwa gwero la matenda kumateteza anthu osalakwa. Agogo ambiri athamangitsidwa m'midzi, ena kumenyedwa, chifukwa cha mwana amene adamwalira ndi malungo a mu ubongo kapena bambo amene adagwa ndi BP. Lamulo la 1911 lidaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Tikataya mphamvu zathu pa gogo wosalakwa, chithaphwi chija chimakhalabe kuseri kwa nyumba, chitsime chija chimakhalabe chosatetezedwa, ndipo mwana wina amadwalanso.

Mafunso oti tikambirane

1. Kodi ndi matenda ati amene avuta kwambiri m'mudzi mwathu chaka chino? Adzera njira iti mwa njira zinayi zija?
2. Ndi makomo angati m'dera lathu amene alibe chimbudzi kapena neti? Ndani mwa iwo akufunika thandizo lathu, monga okalamba ndi olumala?
3. Mwana akadwala usiku, n'chiyani chimachedwetsa ulendo wa ku chipatala kwathu kuno? Tingachithetse bwanji?
4. Kodi mamembala a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu timawadziwa? Ndi nkhani iti imene tikawatulire mwezi uno, ndipo apite ndani?